Abuluzi a Buluu a pa Chilumba cha Grand Cayman

Amayi anzanga, sabata ino tiyambe taika pambali zophika ndi zosoka, ndikuuzeni zimene ndinaona pa chilumba cha Grand Cayman, m'nyanja ya Caribbean, kum'mwera kwa dziko la Cuba. Chilumbachi chili pansi pa ulamuliro wa Britain, likulu lake ndi George Town, ndipo kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 35. Palibe phiri, palibe mtsinje. Pansi pali miyala yoyera yakuthwa, yoti munthu wopanda nsapato sangayendepo. Alendo ambiri amapitako kukasambira m'nyanja, koma ine chimene chinandikoka ndi buluzi.

Musaseke, chifukwa buluzi wake si uja wothamanga pakhoma. Tinachoka ku George Town m'mawa pa galimoto kulowera chakum'mawa, mpaka tinafika ku munda wa maluwa ndi mitengo wotchedwa Queen Elizabeth II Botanic Park, umene Mfumukazi ya ku Britain inatsegula mu 1994. Pakhomo tinalandiridwa ndi timabuluzi topinda michira m'mwamba, ndi tina tofufumitsa khosi tili pa nthambi. Titayenda pang'ono, tinapeza mwini mudzi atagona pakati pa njira, akuwotha dzuwa, osafuna n'kutipatukira komwe.

Dzina lake ndi iguana. Msinkhu wake ndi wonga wa ng'azi yaikulu: wamphongo amatha kufika mita imodzi ndi theka kuyambira kumphuno mpaka kumchira, ndi kulemera makilogalamu 14. Ali ndi minga yondandalika pamsana, maso ofiira, ndipo amagwedeza mutu monga achitira gulo pa mtengo. Kukazizira amaoneka wotuwa ngati mwala, koma dzuwa likamulowa m'thupi khungu lake limasanduka la buluu. Ngakhale nkhope yake ndi yoopsa, chakudya chake ndi masamba, maluwa ndi zipatso, ndipo njere zimene wameza amakazitaya kwina kumene zimamera. Kunja kwa chilumba ichi sapezeka m'tchire lina lililonse pa dziko lapansi.

Komatu pang'onong'ono tikadangomumva m'nthano. Mu 2002 akatswiri atafufuza m'tchire monse, anapeza kuti otsala sanali kupitirira 25. Chinawatha si chilombo cha m'nkhalango ayi, koma zinthu za pakhomo. Anthu anadula tchire kuti alime ndi kumanga nyumba, magalimoto anali kuwaponda pamsewu, agalu osamangidwa anali kupha akuluakulu, ndipo amphaka otayidwa kuthengo anali kudya ana. Iguana wamkazi amakumba una m'dothi, kuikira mazira, kukwirira, ndipo ana akaswa amadzionera okha. Kalekale zimenezi zinali kutheka popeza pachilumbapo panalibe mphaka kapena galu. Ziweto zitafika ndi anthu, ana ambiri sanathenso kukula.

Apa ndi pamene bungwe la National Trust for the Cayman Islands, motsogozedwa pa ntchitoyi ndi bambo Fred Burton, linayamba kulera ana amene makolo awo sakanatha kuwateteza. Antchito amafukula mazira mosamala ndi kuwaika m'makina ofungatira. Ana akaswa amasungidwa m'makola a waya kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo, mpaka atakula moti mphaka sangawagwire. Tsiku ndi tsiku anthu amapita kukathyola masamba ndi zipatso za kuthengo, monga tichitira ife pofuna ndiwo, kuti anawo azolowere chakudya chimene adzachipeze akadzamasulidwa. Asanawatulutse amawaveka timikanda ta mitundumitundu pa minga ya pakhosi kuti aliyense azidziwika. Ndinaima nthawi yaitali pa makolawo, chifukwa ntchito imeneyi ndinaizindikira: ndi ija yodyetsa, kuyeza ndi kudikira, yosakhala ndi tchuthi, imene mayi aliyense amaidziwa.

Sizinayende mwa myaa. Mu Meyi 2008 anthu ena analowa pa malo oleretsawo ndi kupha a iguana akuluakulu angapo, ndipo chilumba chonse chinagwidwa ndi chisoni. Oleretsa sanataye mtima. Anapitiriza kumasula abuluzi m'nkhalango zotetezedwa za Salina ndi Colliers, ndipo mu 2012 iguana wa buluu anachotsedwa m'gulu la nyama zimene zatsala pang'ono kutheratu, ngakhale adakali pa mndandanda wa zimene zili pangozi. Mu 2018 chiwerengero cha omasulidwa chinakwana 1,000.

Panalinso vuto lina. Anthu anabweretsa iguana wobiriwira wa ku maiko ena, ndipo atapulumukira kuthengo anaswana mosaneneka, n'kuyamba kuononga minda ndi mitengo. Mu Okutobala 2018 boma linayamba ntchito yowapha, ndipo ophedwa anaposa miliyoni imodzi. Taonani: mlendo anachuluka ngati mchenga pamene mwini dziko anali kuwerengedwa mmodzimmodzi.

Pobwerera madzulo tinaona zikwangwani zochenjeza oyendetsa galimoto kuti asaponde iguana. Ndinakumbukira mawu a makolo akuti m'mera mpoyamba. Mtundu wonse wa nyama unapulumuka chifukwa anthu ochepa anasamala ana pa zaka zawo zoyamba, ndipo ukhoza kutayikanso ngati eni agalu ndi amphaka atalekerera ziweto zawo. Tsono amayi, mphaka akaswa pakhomo, tiganize kawiri tisanatume mwana kukataya tianato kuthengo. Ndipo mukaona mnyamata wanu akugenda gulo popanda chifukwa, muitaneni, mumukhazike pamphasa, mumuuze za buluzi wa ku Grand Cayman amene anatsala osapitirira 25.