Kaundula wa Alimi pa Kompyuta: Tsiku Limodzi pa Depoti Yogulira Mbewu

Kuyambira mwezi wa Juni mpaka Seputembala, chimanga chitauma ndiponso misewu ya kumidzi itaphwa matope, madepoti ogulira mbewu amakhala m'gulu la malo otanganidwa kwambiri m'maboma a Petauke ndi Nyimba, m'chigawo cha Kum'mawa kwa Zambia. Depoti imene ikufotokozedwa pano ndi ya mtundu wa zija za makoparetivi a alimi zomwe zili m'mbali mwa msewu wa Great East: shedi yofolera malata, sikelo pakhomo, milu ya matumba a makilogalamu 50, ndi kachipinda ka kalaliki momwe muli buku la malisiti ndi kompyuta ya m'manja imodzi. Ngolo za ng'ombe ndi njinga zimafika kusanache, zitasenza chimanga, nsawa, soya ndi mpendadzuwa, kotero kuti pamene kalaliki akutsegula chitseko amapeza mzere wa anthu utafika kale kumsewu.

Ntchito ya m'mawa ndi ya sikelo ndi cholembera. Thumba limabooledwa kuti mbewu ionedwe ngati ili yoyera ndi youma, pakuti ogula akuluakulu monga Food Reserve Agency, bungwe la boma losunga chakudya lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1995, safuna chimanga chimene chinyezi chake chapitirira 12.5 peresenti. Kenako thumba limakwera pa sikelo, ndipo kalaliki amalemba dzina la mlimi, mudzi, mtundu wa mbewu, kulemera kwake ndi mtengo. Wachinyamata amene akuphunzira ntchito amapatsidwa buku la dzulo kuti alilowetse m'kompyuta, ndipo asanamalize tsamba loyamba amakumana ndi vuto limene limabala phunziro lonse la database, ndiko kuti nkhokwe ya zolembedwa yosungidwa mwadongosolo kuti izitha kufunsidwa mafunso. Vutolo ndi la mayina. Kuno Aphiri, Abanda, Atembo, Adaka, Alungu ndi Amwanza ndi ochuluka, ndipo si zachilendo kuti anthu awiri kapena atatu a dzina limodzi ndi chiwongo chimodzi agulitse mbewu tsiku lomwelo. Komanso munthu mmodzi angalembedwe mosiyana katatu, lero ndi dzina lonse, mawa ndi chilembo choyamba chokha, mkuja ndi dzina la mwana wake woyamba monga amaitanidwira kumudzi. Amene amalemba zonsezi pa tsamba limodzi lalitali la Excel amabwereza dzina, mudzi ndi nambala ya foni pa mzere uliwonse, ndipo kubwereza kulikonse ndi mpata wa cholakwa chimene chidzaonekera pa tsiku la malipiro.

Njira yothetsera vutoli inafotokozedwa mu 1970 ndi Edgar F. Codd, katswiri wa masamu amene ankagwira ntchito ku kampani ya IBM, ndipo mfundo yake ndi yakuti chinthu chilichonse chilembedwe kamodzi kokha, pa tebulo lakelake, kenako matebulowo alumikizidwe. Tebulo pano likutanthauza ndandanda ya mizere yopingasa ndi madanga otsika, momwe mzere uliwonse umaimira chinthu chimodzi ndipo danga lililonse limasunga mtundu umodzi wa chidziwitso. Pa depoti yotere woyamba kumene amafunika matebulo anayi okha. Loyamba ndi la alimi, momwe mlimi aliyense ali ndi mzere umodzi. Lachiwiri ndi la midzi, losonyeza nyakwawa, mfumu yaikulu monga Kalindawalo, Mumbi, Nyamphande kapena Ndake, ndi kampu ya zaulimi imene mudziwo uli pansi pake. Lachitatu ndi la mbewu. Ndipo lachinayi, limene limakula tsiku ndi tsiku, ndi la zogulidwa. Mzere uliwonse umapatsidwa chizindikiro chosabwerezeka chotchedwa primary key, ndipo chizindikiro chomwecho chikalembedwa m'tebulo lina pofuna kuloza kwa mwini wake chimatchedwa foreign key. Motero m'tebulo la zogulidwa simulembedwanso dzina kapena mudzi, koma nambala ya mlimi yokha, ndipo mlimi akasintha foni kapena akasamuka, kukonza kumachitika pamalo amodzi.

Ambiri amafulumira kutenga nambala ya chitupa cha dziko, NRC kapena kuti reji, kukhala primary key ya mlimi, popeza munthu aliyense amayenera kukhala ndi yakeyake. Nzeru yabwino ndi yakuti nambalayo isungidwe m'danga lakelake loletsedwa kubwereza, koma primary key ikhale nambala imene pulogalamu imadzipangira yokha, chifukwa pamzere pamapezeka agogo amene chitupa chawo chinatayika ndi ena amene anachisiya kunyumba, ndipo munthu amene wayenda usiku ndi ngolo sayenera kubwezedwa chifukwa cha danga la m'kompyuta.

Dzuwa likafika paliwombo, fumbi ndi mankhusu zili tolotolo m'shedi, onyamula matumba amapumira pamthunzi ndipo amayi ogulitsa nthochi ndi zitumbuwa amayendayenda pakati pa ngolo. Nthawi imeneyi ndi imene kalaliki amapeza mpata wosonyeza wophunzira wake pulogalamu yeniyeniyo. Mapulogalamu odziwika a pa kompyuta imodzi ndi awiri: Microsoft Access, imene inatuluka koyamba mu 1992 ndipo imalipiridwa komanso imayenda pa Windows pokha, ndi LibreOffice Base, imene ndi yaulere ndipo imasamalidwa ndi bungwe la The Document Foundation. Onse awiri amagwira ntchito popanda intaneti, chinthu chofunika kwambiri kumadera a kuchigwa cha Luangwa kumene netiweki imabwera n'kupita. Chimene wophunzira ayenera kusamala ndi mtundu wa danga lililonse. Makilogalamu ndi makwacha ndi manambala owerengetsera, tsiku lili ndi mtundu wakewake, koma nambala ya foni ndi ya reji ziyenera kusungidwa ngati malemba, pakuti foni imayamba ndi 0 amene amazimiririka ikatengedwa ngati nambala yowerengetsera, pamene reji ili ndi timizere tolekanitsa zigawo zake zitatu. Mtengo nawonso uyenera kulembedwa pa mzere wa chogulidwa chilichonse monga unalili tsikulo, osati m'tebulo la mbewu mokha, chifukwa mtengo wa soya ukasintha pakati pa nyengo, malisiti onse akale angasinthe nawo limodzi. Pamwamba pa matebulo pamamangidwa fomu, ndiko kuti tsamba lolowetsera zinthu lofanana ndi lisiti la papepala, momwe mudzi ndi mbewu zimasankhidwa pa ndandanda m'malo molembedwa mwatsopano.

Magetsi akathima, monga anathimira kwa maola ambiri tsiku lililonse mu 2024 chilala chitachepetsa madzi a ku Kariba, sikelo siima, ndipo buku la malisiti limapitiriza ntchito. Pa chifukwa chimenechi nambala ya lisiti la papepala iyenera kukhala ndi danga lake m'kompyuta, kuti pepala ndi makina zizitha kutsimikizirana.

Masana ndi pamene pamabuka milandu, ndipo umene umabwera kawirikawiri ndi wa mwini mbewu. Mayi amafika ndi matumba a nsawa zimene analima, kupalira ndi kukumba yekha, koma m'kaundula wa koparetivi muli dzina la mwamuna wake, ndipo nambala ya foni yolandirira ndalama kudzera pa Airtel kapena MTN ndi ya mwamunayo. Kalaliki wodziwa ntchito amafunsa mwaulemu kuti, "Amayi, nsawazi tilembe m'dzina la ndani, nanga ndalama zipite pa foni ya ndani?" Funso limeneli limatheka kuyankhidwa pokhapokha ngati amene anakonza matebulo anaganizira kuti m'banja limodzi mungakhale alimi awiri, aliyense ndi mzere wake, ndiponso kuti wobweretsa katundu ndi wolandira malipiro angakhale anthu osiyana. Pakati pa Ansenga ndi Achewa, amene mwamwambo amatsata mtundu kuchikazi ndipo nsawa imadziwika kwambiri ngati mbewu ya amayi, tebulo lokhala ndi malo a mutu wa banja okha limafufuta thukuta la mayi popanda wina kufuna kutero. Apa m'pamene zimaonekera kuti kukonza database kumafuna kudziwa anthu a pamalopo kuposa kudziwa mabatani, ndipo wophunzira amene anakulira m'midzi yomweyi ali ndi mwayi umene mlendo wodziwa makompyuta alibe.

Chakumadzulo lole yopita ku Chipata kapena ku Lusaka imaima pakhomo, ndipo wapampando wa koparetivi amafuna kudziwa kuchuluka kwa zimene zagulidwa, ndalama zimene zatuluka ndi alimi amene sanalipidwe. Mayankho amachokera ku query, ndiko kuti funso loperekedwa kwa database, limene woyamba kumene amalipanga posankha matebulo ndi madanga pa sikirini, pulogalamu n'kumalimasulira m'chinenero cha SQL. Funso limodzi limaphatikiza makilogalamu a tsikulo mbewu ndi mbewu, lina limatulutsa mayina a amene danga lawo la malipiro lidakali lopanda kanthu, ndipo zotsatira zake zimaikidwa mu lipoti losindikizidwa. Chiwerengero cha m'kompyuta chimayerekezedwa ndi matumba a m'shedi ndi makope a malisiti, ndipo ngati zasiyana palibe amene amaweruka mpaka lisiti lolakwikalo litapezeka. Mfundo zomwezi ndi zimene zimayendetsa makaundula akuluakulu a boma, monga ZIAMIS wa alimi olandira zipangizo zaulimi za pulogalamu ya boma ya FISP ndi SmartCare wa m'zipatala, kotero kuti amene waphunzira pa matebulo anayi a pa depoti sadzakhala mlendo akadzakumana nawo.

Ntchito yotsiriza, pulogalamu itatsekedwa, ndi kukopera fayilo yonse pa fulashi, kuilemba tsiku lake, ndi kuisunga kutali ndi kompyuta, popeza database ya mtundu uwu imakhala m'fayilo imodzi imene ingawonongeke kapena kubedwa pamodzi ndi makina. Fayiloyo ili ndi manambala a reji, mafoni ndi ndalama za anthu, zimene lamulo la Data Protection Act la 2021 limateteza, choncho kompyuta iyenera kukhala ndi pasiwedi, ndipo fulashiyo siyenera kubwerekedwa kwa munthu wofuna kukoperapo nyimbo kapena kukasindikiza kalata kumsika.