Pakhomo Pali Dokotala

Nkhalamba ina ya ku Ntcheu inapita ku Joni m'zaka za m'ma 1960, ikadali mnyamata. Masiku amenewo munthu wofuna ntchito ya ku migodi ankalembetsa kwa Wenela, koma asanakwere ndege ankayamba waonekera kwa dokotala. Anyamata ankavula malaya naima pamzere. Aliyense ankakwera pasikelo, kenaka dokotala ankamvetsera m'chifuwa mwake. Wopepuka thupi ndi wodwala chifuwa ankabwezedwa kumudzi.

Tsiku limenelo mnyamatayo anapambana, koma mnzake amene anachoka naye mudzi umodzi anabwezedwa. Mnzakeyo analira, pakuti anali atauza kale mkazi wake kuti adzabwera ndi njinga ndi mabulangete. Chifukwa cha manyazi sanapite kuchipatala kukafunsa chimene dokotala anamva m'chifuwamo. Anangokhala pakhomo, natsokomola mpaka anamwalira.

Kuyeza kotere sikunayambe chabe. M'chaka cha 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu a maiko a kumpoto, monga Nyasaland, chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo ku migodi. Lamulolo linachotsedwa m'zaka za m'ma 1930. Eni migodi ankafuna anthu amphamvu, ndipo dokotala anali ngati mlonda wa pachipata. Komabe ambiri amene analowa ali bwinobwino anabwerera kwawo mapapo atawonongeka ndi fumbi la miyala.

Tsono zaka zapita, ndipo mdzukulu wa nkhalambayo, amene anaphunzira unamwino, wapeza ntchito ku Britain. Lamulo la dzikolo likuti munthu wochokera ku Malawi wofuna kukakhalako kupitirira miyezi 6 ayambe wayezetsa chifuwa chachikulu. Amamujambula m'chifuwa ndi makina a X-ray, ndipo dokotala akakayika amayeza makhololo. Wopezeka wopanda nthenda amalandira kalata imene imagwira ntchito miyezi 6.

Mtsikanayo anali atatsokomola masabata angapo, kotero anachita mantha. Madzulo ena anakhala pansi pafupi ndi agogo ake nati, "Agogo, ndikuopa. Akandipeza ndi nthenda, ulendo wanga watha, ndipo anthu adzandiseka."

Nkhalamba inakhala chete kanthawi, kenaka inamufotokozera za mnzake uja. Inati, "Mdzukulu wanga, azungu amayeza alendo pofuna kutchinjiriza anthu awo, osati chifukwa chokukonda iwe. Koma chimene dokotala adzaona chili m'thupi mwako, ndipo mwini thupi ndiwe. Mnzanga anataya ulendo, natayanso moyo, chifukwa anaopa kusekedwa."

Mawu a nkhalambayo ndi oona. Chifuwa chachikulu chimachizika munthu akamwa mankhwala mosadumphitsa kwa miyezi 6, ndipo m'zipatala za boma mankhwalawo ndi aulere. Wodwala akachira akhoza kukayezetsanso ndi kupemphanso chilolezo. Ulendo umangochedwa. Koma wobisa nthenda amapatsira a m'nyumba mwake, iye mwini nafooka pang'onopang'ono.

M'mawa mwake mtsikanayo anatenga pasipoti yake nakwera basi. Nkhalamba inamuperekeza mpaka kumsewu, ikuyenda pang'onopang'ono, pakuti nayo chifuwa chake sichinapole chibwerere ku Joni. Basi itafika inati, "Zimene akakuuze, zabwino kapena zoipa, udzandiuze zonse."