Ndowa yotuwa siigwira chigamba

Ntchito yanga ndi yomata ndowa, mabeseni ndi zigubu zapulasitiki kuno ku Lungwena, komwe mayi wa geni ya usipa sangapite kudoko wopanda beseni. Zida zanga ndi mbaula, kachitsulo kathyathyathya ndi tizidutswa ta pulasitiki. Ndowa zambiri zimafika kwa ine zitatheratu kale, ndipo ine ndimati vuto limayambira kufakitale, pa kuchepa kwa mankhwala otetezera amene amasakaniza popanga.

Pulasitiki wa nambala 5, yemwe amapangira ndowa zambiri, amasungunuka pa madigiri pafupifupi 165, koma m'makina amatenthedwa kupitirira 200. Pa moto wotere mpweya wa okosijeni umayamba kudula timaunyolo tolimbitsa pulasitikiyo, ndipo pakaduka pamodzi pamayambitsa pena. Mankhwala a antioxidant, monga Irganox 1010, amaletsa zimenezi ngakhale atathiridwa osakwana gawo limodzi pa magawo 100. Koma amatha akamagwira ntchito, ngati sopo. Otsala pulasitiki akatuluka m'makinamo ndiwo amalimbana ndi kutentha kwa Okutobala pamchenga wa kunyanja. Akatha, ndowa imatuwa, ukaikanda ndi chikhadabo imatulutsa fumbi, ukaipinda imathetheka. Chitsulo changanso chimadya mankhwala omwewo, n'chifukwa chake sindichisiya pamakala mpaka kufiira. Pulasitiki akafuka utsi ndiye kuti wapserera, ndipo chigambacho chidzamatuka.

Ena amati wolakwa ndi dzuwa basi. Kuwala kwa dzuwa kumawonongadi, ndipo mathanki ndi mapaipi akuda amakhalitsa panja chifukwa cha mwaye wa carbon black umene umakutchinga. Komabe dzuwa limangoyambitsa, womaliza ndi okosijeni yemwe uja, ndipo chigubu chokhala pafupi ndi moto m'khitchini chimauma ngakhale dzuwa silichiona. Ena amati ndowa zopangidwa ndi pulasitiki wakale ndizo anthu akumudzi angakwanitse kugula. Kusungunula pulasitiki wakale sindikutsutsa, kumachepetsa zinyalala m'mbali mwa nyanja yathu. Koma pulasitiki wotere mankhwala ake anachepa kale, ndipo akabwerera m'makina amafunika kuthiridwa ena. Beseni long'aluka usipa uli pamutu silotsika mtengo ayi, mayi uja waluza beseni ndi nsomba zomwe.

Inu opanga ziwiya ku Blantyre ndi ku Lilongwe, thirani mankhwala okwanira, makamaka mu pulasitiki wakale. A Malawi Bureau of Standards, yesaninso ndowa zogulitsidwa m'misika yakumudzi ngati wathu wa Lungwena.