Mukafika ku La Paz, yambani mwakhala pansi

Mukayala mapu a dziko lonse, mupeza kuti mzinda wa La Paz, m'dziko la Bolivia, uli pafupifupi pa mzere umodzi ndi Blantyre. Mvula ya kumeneko imagwa miyezi yomwe imagwa kuno, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndipo Juni ndi Julaye ndi miyezi yozizira monganso kwathu. Kusiyana kwakukulu kuli pa kukwera kwa malo. Pakati pa mzindawu m'pokwera mamita pafupifupi 3,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo bwalo la ndege, lomwe lili mumzinda woyandikana nawo wa El Alto, lili pa mamita opitirira 4,000. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, malo okwera kwambiri m'Malawi, ili pa mamita 3,002. Ndiye kuti mlendo akamatsika ndege ku El Alto amakhala ataima kilomita yathunthu pamwamba pa Sapitwa, chikwama chili m'manja.

Ife tidakhala ku La Paz masabata awiri, titapita kukaona mwana wathu wamkazi amene ankagwira ntchito kumeneko. Tonse awiri tadutsa zaka 50, ndipo ndalama za ulendowo tidazisonkhanitsa kwa nthawi yaitali. Munthu amene wavutikira tikiti yotere amafuna kuti tsiku lililonse libweze ndalama yake. Koma tidaphunzira kuti ku La Paz thupi ndilo limalamula za tsikulo, ndipo mlendo amene akangana nalo amathera masiku ake pabedi, mwinanso kuchipatala.

Chimene chimachitika n'chakuti pamalo okwera chonchi mpweya umakhala wopepuka. Munthu akapuma kamodzi amakoka okosijeni wokwana pafupifupi magawo awiri mwa atatu a amene akadakoka ali m'mbali mwa nyanja yamchere. Thupi limayamba kupuma mofulumira, mtima umagunda kwambiri, ndipo pamatenga masiku angapo kuti lizolowere. Anthu a kumeneko amatchula vutoli kuti soroche. Kawirikawiri siliyamba nthawi yomweyo. Munthu amatha kutsika ndege ali bwinobwino, kenako pakapita maola 6 mpaka 12 mutu n'kuyamba kuwawa, mseru n'kubwera, chakudya osachifuna, tulo osabwera. Vutoli silisankha. Limagwira wachinyamata wothamanga mpira ngati mmene limagwirira agogo.

Choncho kukonzekera kumayambira kwa dokotala, musadagule tikiti. Amene ali ndi matenda a mtima kapena a mapapo, amayi oyembekezera, ndi amene magazi awo ndi ochepa ayenera kufunsa kaye ngati ulendowu ndi wowayenera. Tikufuna kutsindika za matenda a sickle cell, omwe alipo m'mabanja ambiri kwathu kuno. Kwa munthu amene ali ndi matendawa, malo okwera chotere ndi oopsa kwambiri. Ngakhale amene adangotengera mbali imodzi ya matendawa kwa kholo limodzi, ndipo sadadwalepo, akhoza kumva ululu waukulu kumanzere kwa mimba chifukwa cha kapamba akafika pamalo okwera. Ngati m'banja mwanu muli mbiri ya matendawa, kayezetseni magazi. Dokotala angakulembereninso mankhwala otchedwa acetazolamide, amene amathandiza thupi kuzolowera msanga. Amayamba kumwedwa kutatsala tsiku limodzi kuti mukwere, ndipo amachititsa dzanzi m'zala ndi kukodza pafupipafupi. Musamwe popanda malangizo a dokotala, makamaka ngati mankhwala ena amakuwengani.

Palibe ndege yochoka kuno n'kukatera ku Bolivia mwachindunji. Ambiri amadzera ku Johannesburg kapena ku Addis Ababa, n'kuwoloka nyanja kupita ku São Paulo m'dziko la Brazil, kenako n'kukwera ina. Funsani za viza miyezi ingapo ulendo usadafike, ya Bolivia komanso ya mayiko amene mudzadzeremo. Tengani khadi la katemera wa yellow fever. Ku La Paz kwenikweniko kulibe matendawa ngakhalenso malungo chifukwa n'kokwera kwambiri, koma m'zigwa zotentha za dzikolo aliko. Ngati nthawi ndi thumba zilola, kwerani pang'onopang'ono. Mzinda wa Santa Cruz uli pa mamita pafupifupi 400, Cochabamba uli pa 2,500 ndi pang'ono, ndipo Sucre uli pa 2,800. Kugona masiku awiri ku Cochabamba kapena ku Sucre kumapatsa thupi poyambira. Kumbukiraninso kuti nthawi ya ku Bolivia ili m'mbuyo ndi maola 6 poyerekeza ndi yathu, kotero mumafika muli otopa kale.

La Paz ili m'chigwa chachikulu chooneka ngati mbale. El Alto ili pamwamba pa mkombero wa mbaleyo, pakati pa mzinda pali m'kati mwake, ndipo dera lotchedwa Zona Sur lili kunsi kwenikweni, mamita mazana angapo pansi pa malo a pakati. N'chifukwa chake kumeneko anthu opeza bwino amakhala kunsi, pamene osauka amakhala kumtunda. Kwa mlendo, phunziro lake n'lakuti asagone ku El Alto usiku woyamba. Atsike, ndipo ngati angathe apeze malo ogona ku Zona Sur.

Tsiku limene tidafika, mwana wathu adatiuza mosabisa kuti, "Amayi, ababa, lero ndi mawa palibe kopita. Mukhale pansi, muzimwa madzi, mudye pang'ono." Tidamvera. Tidakonza ulendo kuti tifike Lachisanu m'mawa, kotero tsiku lachiwiri lopuma lidali la Sabata, ndipo palibe chimene tidaona ngati tataya. Mutu udatiwawa tonse usiku woyamba. Kuchoka pabedi kupita kubafa kunkachititsa befu ngati takwera chitunda ndi mtolo wa nkhuni. Tinkadzidzimuka usiku tikumva ngati mpweya watha, zomwe zimachitikira ambiri pamalo okwera. Mapiritsi ogonetsa si abwino pa nthawi yotereyi chifukwa amachepetsa kupuma. Pofika tsiku lachitatu mutu udaleka, ndipo njala idabwerera.

M'nyumba ya alendo yoyandikana nafe mudafika mnyamata wina wa ku Ulaya, wamphamvu zake, amene adayamba kuzungulira mzinda tsiku lomwe adatera, mawa lake n'kupita kukakwera phiri. Usiku wachitatu tidamumva akutsokomola mosalekeza, ndipo m'mawa adamutengera kuchipatala ali pa okosijeni. Adachira, koma ulendo wake udathera pomwepo. Zizindikiro zoopsa ndi izi: kubanika ngakhale munthu atangokhala, chifuwa chotulutsa makhololo a thovu kapena ofiirira, milomo kuda, kuyenda mwadzandidzandi ngati woledzera, kusokonezeka maganizo, ndi tulo tosadzutsika. Izi zimasonyeza kuti madzi akulowa m'mapapo kapena ubongo ukutupa, ndipo munthu akhoza kufa m'maola ochepa. Musadikire kuti kuche. Pitani kuchipatala, ndipo wodwalayo atsitsidwe kupita kumalo otsika. Ana aang'ono sadziwa kufotokoza, choncho mwana akamangolira, kukana kudya kapena kufooka, musazitenge mopepuka. Gulani inshuwalansi ya paulendo, ndipo funsani ngati imalipira matenda obwera chifukwa cha malo okwera.

Pafupifupi paliponse pamene mungafike adzakupatsani mate de coca, madzi otentha oviikamo masamba a coca. Ku Bolivia masambawa ndi ololedwa ndipo ndi mbali ya chikhalidwe cha anthu a mtundu wa Aymara ndi Quechua kuyambira kalekale. Ife tinkathokoza mwaulemu n'kupempha mate de manzanilla, chakumwa cha timaluwa tonunkhira chimene chimapezeka paliponse. Masamba a coca ndi amene amapangira mankhwala ozunguza bongo a cocaine, ndipo munthu amene wamwa madzi ake akhoza kupezeka ndi chizindikiro cha mankhwalawo akamuyeza mkodzo. Musayerekeze kuika masambawa m'chikwama pobwerera, ngakhale atakulungidwa bwino ngati tiyi wa m'sitolo, chifukwa m'mayiko ambiri umenewo ndi mlandu.

Pa nkhani ya chakudya sitidavutike. Bolivia ndi kwawo kwa mbatatesi, ndipo pamsika mumapeza mitundu yambirimbiri, kuphatikizapo chuño, mbatatesi youmitsidwa ndi chisanu cha usiku ndi dzuwa la masana. Kuli quinoa, timbewu ting'onoting'ono tokhala ngati mawere tomwe tili ndi zomanga thupi zambiri. M'mawa ku Mercado Lanza tinkamwa api, phala lamadzimadzi lotentha la chimanga chofiirira. Plato paceño ndi mbale ya chimanga chachiwisi cha maso akuluakulu, nyemba zazikulu, mbatatesi ndi tchizi yokazinga, ngakhale ena amawonjezapo nyama. Msuzi wa mtedza, sopa de maní, udatikumbutsa ndiwo zotendera, koma nthawi zambiri amauphika ndi nyama, choncho funsani. Fricasé ndi chicharrón ndi zakudya za nkhumba. Lowezani mawu awa: sin carne ndiye kuti popanda nyama, sin cerdo kapena sin chancho ndiye kuti popanda nkhumba. Idyani kwambiri masana ndi pang'ono madzulo, chifukwa pamalo okwera chakudya chimachedwa kugayika.

Madzi a pampopi musamwe osawiritsa. Ku La Paz madzi amawira asadatenthe ngati kuno, pa madigiri pafupifupi 88, n'chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa. Asiyeni abwate kwa mphindi zitatu, kapena gulani a m'botolo lotseka. Mpweya ndi wouma kwambiri moti milomo imang'ambika ndipo ena amatuluka kamfuno. Dzuwa nalo limawotcha ngakhale kukuzizira, ndipo khungu lakuda silitchinga zonse. Tengani chipewa, magalasi a dzuwa, mafuta oteteza khungu ndi opaka milomo. Valani zovala zosanjikiza, chifukwa masana padzuwa pamatentha koma likangolowa kumazizira koopsa, ndipo nyumba zambiri zilibe zotenthetsera.

Thupi litazolowera, mzinda udatitsegukira. Njira yabwino yoyendera ndi Mi Teleférico, tingolo toyenda pa chingwe m'mwamba, tomwe tidayamba kunyamula anthu mu 2014. Njira iliyonse ili ndi mtundu wake, yofiira, yachikasu, yobiriwira ndi zina, kotero n'zosavuta kutsatira ngakhale simudziwa Chisipanishi. Muli m'kangolo mumaona nyumba za njerwa zofiira zitakwera zitunda zonse, ndipo chapatali phiri la Illimani, lotalika mamita opitirira 6,400, litavala chipale chofewa. Poyenda pansi, nzeru ndi kukwera pa chingwe kapena pa galimoto n'kumatsika wapansi. Tidaona Plaza Murillo, pomwe pali nyumba za boma, ndi tchalitchi chakale cha San Francisco. Pamphambano zina tidawolotsedwa ndi achinyamata ovala ngati mbidzi, amene ntchito yawo ndi kuphunzitsa madalaivala kulemekeza oyenda pansi. Msika waukulu wa ku El Alto umachitika Lachinayi ndi Lamlungu, koma usiyeni mpaka masiku omaliza popeza uli kumtunda, ndipo m'chipiringu chake muli opisa m'matumba.

Chenjeraninso ndi anthu onamizira kuti ndi apolisi, amene amaimitsa mlendo, kumuonetsa kakhadi, n'kumuuza kuti akwere galimoto kuti akamusechere ndalama zachinyengo. Musakwere, ndipo nenani kuti mupita nokha wapansi kupolisi. Takisi muziitanitsa kudzera kumene mukugona, makamaka usiku. Pasipoti isiyeni pamalo otetezeka n'kumayenda ndi fotokope yake. Zionetsero ndi kutseka misewu zimachitika kawirikawiri, choncho tsiku lonyamuka pitani kubwalo la ndege nthawi ikadalipo. Amayi a Chiaymara, ovala masiketi otambalala ndi tizipewa tozungulira, sakonda kujambulidwa mwachisawawa. Perekani moni kaye, buenos días, gulani kanthu, kenako pemphani. Akakana, thokozani n'kupitirira.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa masiku 14 amene tidakhala ku La Paz, awiri tidawathera pampando, ndipo ndi amene adatipatsa masiku 12 enawo tili ndi mphamvu. Mukamawerengera ndalama za ulendo wotere, ikanimo masiku awiri opanda chochita, ndipo muwalipire mosadandaula monga mmene mumalipirira tikiti ya ndege.