Mwana wamng'ono patebulo la Ataliyana

Kwathu kuno mwana wamng'ono sadya yekha. Amakhala pamiyendo pa mayi ake, mayiwo n'kumamutemera nsima, kuiuzira kuti ipole, kuisunsa mumsuzi wa nyemba n'kumuika mkamwa. Palibe amene amafunsa kuti mwanayu adya chiyani, pakuti chimene adya akulu ndicho chake. Nkhani imavuta tsiku limene munthu wachoka pamudzi ndi mwanayo n'kukafika kumene kulibe nsima, ndipo chakudya n'chogula m'nyumba ya eni ake. Lero ndati ndikuuzeni, abale anga owerenga tsamba lino, za m'mene tinkadyera m'malo odyera a ku Italia ndi mwana wathu wamkazi wa chaka chimodzi ndi miyezi 8.

Dzina la Italia si lachilendo kwa ife a kumalire. Ndi mumzinda wa Roma m'mene a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama adasainirana pangano la mtendere pa 4 Okutobala 1992, atakambirana kwa zaka ziwiri mothandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio. Ambiri mwa ife nkhaniyo tidaimvera pa wailesi tili othawa nkhondo ku Dedza ndi ku Ntcheu. Tsono m'chaka cha 2019 alamu anga, amene ndi ansembe ndipo nthawi imeneyo ankaphunzira ku Roma, adatiitana kuti tikawaone. Tidadutsa pa Calomue, tidakwera ndege ku Lilongwe, n'kukasintha ku Addis Ababa. Kumeneko tidakhalako masabata awiri, ndipo popeza kumene ankagona alamuwo sikunali kophikira alendo, pafupifupi tsiku lililonse tinkadya m'malo amene iwo amati trattoria kapena pizzeria.

Chidayamba kutisautsa ndi nthawi. Ataliyana amadya nkhomaliro kuyambira cha m'ma 12 koloko ndi theka kufikira cha m'ma 2 koloko ndi theka, kenaka ophika amatseka khitchini. Malo ambiri satsegulanso mpaka 7 koloko kapena 7 ndi theka usiku, ndipo eni dziko amayamba kudzaza mipando cha m'ma 8 kapena 9. Kwathu nthawi imeneyo mwana amakhala atagona kalekale. Njala ya mwana siidziwa zimenezo, ikafika yafika. Choncho amayi akunyumba adakonza kuti chakudya chenicheni cha mwana chizikhala cha masana, ndipo madzulo tizifika oyamba chitseko chikangotsegulidwa, kusanadzaze. M'chikwama mwawo simunkasowa nthochi, buledi ndi botolo la madzi. Madziwo tinkatunga m'mipopi yachitsulo imene ili m'misewu ya Roma, yotchedwa nasoni, imene imatuluka madzi akumwa usana ndi usiku popanda kulipira.

Chachiwiri ndi kabweredwe ka chakudya. Ife tidazolowera kuti nsima ndi ndiwo zimafika pamodzi. Iwo amayamba ndi tizakudya tochepa totchedwa antipasto. Kenaka pamabwera primo, imene kawirikawiri ndi pasta, chakudya cha ufa wa tirigu, kapena mpunga. Mukatha imeneyo ndiye akubweretserani secondo, nyama kapena nsomba, ndipo masamba, amene amati contorno, mumaitanitsa paokha. Zili ngati munthu akupatseni nsima, mudye ithe, kenaka ndiye akubweretsereni nkhuku. Mgonero wotere umatha maola awiri, ndipo palibe mwana wa msinkhu umenewu amene angakhale phee nthawi yonseyo. Alamu adatimasula mtima potiuza kuti palibe lamulo lakuti munthu adye zonsezo. Tikangokhala pansi tinkapempha kuti mbale ya mwana ifike poyamba, ndipo zathu zibwere pamodzi.

Koma chimene chinali cholemera koposa ndi manyazi. Usiku wina tili m'dera la Trastevere, kufupi ndi nyumba ya a Sant'Egidio, mwana adataya madzi pansalu yoyera ya patebulo, adagwetsa supuni kawiri, kenaka n'kuyamba kulira mokweza. Amayi akunyumba adandinong'oneza kuti, "Bambo a mwana, tiyeni tituluke, tikuwachititsa manyazi achimwene." Alamu adamva, ndipo adati, "Achemwali, khalani pansi. Taonani tebulo ilo." Kumeneko kunali banja la eni dziko, agogo aakazi, makolo ndi tiana titatu, kena kali pansi pa tebulo. Palibe amene ankaticheukira ndi diso loipa. Mayi woperekera zakudya adabwera ndi kampando kakatali ka ana, kamene amati seggiolone, adapukuta madziwo akuseka, n'kumupatsa mwana kachidutswa ka buledi. Pamene mwana adafuna bere, amayi ake adamuyamwitsa pomwepo atadzifunda kapulana, anthu n'kumangopitiriza kudya.

M'malo ambiri amene tidadyamo munalibe mndandanda wapadera wa zakudya za ana. Mwana amadya zimene akudya akulu, monga kwathu. Mukapempha mezza porzione amakupatsani theka la mbale. Ndipo ophika onse amadziwa chakudya chimene amati pasta in bianco, pasta yopanda msuzi, yothira mafuta a olivi kapena batala ndi tchizi pang'ono. Mwana wathu adaikonda kwambiri, moti kwa masiku angapo ankakana china chilichonse kupatula imeneyo ndi buledi. Kwa kholo lotopa ndi ulendo, mbale yoyerayo imaoneka ngati chipulumutso, pakuti mwana akhuta ndipo phokoso latha. Koma amayi ake sankagona nazo tulo. Ankati, "Uku n'kumudyetsa mwana nsima yosusula tsiku ndi tsiku, yopanda ndiwo."

Mawu amenewa adandilowa bwino titapita kumpoto, kumzinda wa Verona, ulendo wa maola atatu pa sitima yapamtunda. Kumeneko adatibweretsera chakudya chimene chidatiseketsa tonse, dzina lake polenta. Ndi ufa wa chimanga chachikasu, wamisere ngati mgaiwa, wophika m'madzi a mchere ndi kuvundula kwa mphindi 40 kapena kuposa. Mwana adaigwira ndi dzanja, adaiyesa kuiumba, n'kudya ngati ali kwa agogo ake ku Ulongwe. Pamenepo alamu adatifotokozera kuti m'zaka za m'ma 1800 alimi osauka a kumpoto kwa Italia ankadya polenta yokhayokha m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo ambiri adadwala matenda a pellagra. Khungu limada ndi kusupuka pakhosi ndi m'mikono pamene pamaomba dzuwa, munthu amatsegula m'mimba, ndipo pamapeto mutu umasokonezeka. Gwero lake ndi lakuti chimanga pachokha sichipatsa thupi vitamini ina yotchedwa niacin yokwanira.

Matenda amenewa ife tidawaona ndi maso. M'chaka cha 1990 anthu zikwizikwi a kwathu amene adathawira ku Malawi adadwala pellagra, pamene mtedza udasiya kubwera pa chakudya chogawa n'kutsala ufa. Amene anali m'misasa nthawi imeneyo akukumbukira amayi okhala ndi chipsera chozungulira khosi ngati mkanda. Masabata awiri a pasta yoyera sangadwalitse mwana matenda otere, izo n'zoona. Koma ndidaona kuti Ataliyana ndi ife tidaphunzira chinthu chimodzi m'masautso, chakuti kukhuta kokha sikulera mwana.

Kuyambira pamenepo mbale ya mwana tinkaisankha ndi maso a kumudzi. Tinkafunsa minestrone, msuzi wa masamba osiyanasiyana, n'kumaphwanyiramo buledi. Tidapeza pasta e fagioli, pasta yophika pamodzi ndi nyemba, imene fungo lake lidatikumbutsa kwathu. Tinkamupatsa dzira lokazinga, nsomba yochotsa minga, ndi polenta yosunsa mumsuzi wa nyama. Tinkamutapira kuchokera m'mbale zathu, pakuti mwana amalakalaka chimene akudya mayi ake kuposa chimene chaikidwa patsogolo pake. Ophika sankanyinyirika tikapempha kuti achepetse mchere kapena asathire tsabola.

Palinso zina zofunika kusamala. Pizza imachokera mu uvuni wotentha kwambiri, ndipo tchizi yake yotchedwa mozzarella imasunga moto ndiponso imatamuka ngati ulimbo, choncho tinkaidula tizidutswa ting'onoting'ono n'kudikira ipole. Zipatso za olivi zimabwera ndi nthangala zake, ndipo mphesa ndi timatimati tating'ono tozungulira tingathe kumutsamwa mwana, choncho tinkaziika patali kapena kuzidula motalika. Madzi a patebulo ndi ogula m'botolo, ndipo mukafuna opanda mpweya mumati naturale. Poyenda m'misewu ya Roma, imene ndi yoyala timiyala, tinkaona makolo akulimbana ndi tingolo ta ana, pamene wathu ali mtulo kumsana m'kapulana.

Za ndalama ndisabise. Nthawi imeneyo yuro imodzi inali pafupifupi mametikali 70, ndipo mbale imodzi ya pasta tinkalipira mayuro 10 kapena kuposerapo. Ku Verona adationjezera kandalama kena ka munthu aliyense wokhala patebulo, kotchedwa coperto. Pakadapanda alamu sitikadatha. Koma mwana ndiye amene adatidyera ndalama zochepa, pakuti theka la mbale ndi zotapa m'mbale zathu zinkamukwanira.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu simudzafika ku Roma, koma ulendo ndi mwana ulipo tsiku lililonse, wa ku Tete, wa ku Beira, wa ku Lilongwe. Ndaonapo amayi ataima panja pa malo odyera, mwana ali kumsana akunyambita bisiketi ndi chakumwa chotsekemera, bambo ali mkati akudya nkhuku, ati kuopa kuti mwana asokosa. Abale anga, lowani naye mwanayo. Fikani msanga njala isanamukwiyitse, pemphani mbale yake poyamba, ndipo muonetsetse kuti m'mbalemo muli nyemba, dzira, nsomba kapena masamba. Akataya madzi apukuta, akalira mumutonthoza. Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo eni malo odyera nawonso ndi makolo. Ife tidapempha m'dziko limene chinenero chake sitichidziwa ndipo adatimvera, nanji inu amene mukapempha m'Chichewa kapena m'Chipwitikizi.