Za Kompyuta Yokana Kutsegula Khomo

Pa makompyuta amene afika kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ena ayendera Ubuntu, mtundu wa Linux umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anautulutsa m'caka ca 2004. Dzinalo ndi liu lomwe lija ife titi umunthu. Makina otere nthawi zina agwidwa ndi nthenda yodetsa nkhawa: munthu alemba mau ace acinsinsi, galasi lida kamphindi, ndipo abwezedwa pa khomo lomwelo, kawiri, katatu, kufikira atatopa.

Cimene citimvetsa cisoni ndi ici, kuti mwini wace athamangira nayo ku Mponela kapena ku Lilongwe, ndipo mmisiri wofulumira afafaniza zonse naikamo zatsopano. Makalata, zithunzi za ana, mawerengero a ngongole ya fetereza, zonse zatayika. Komatu nyumbayo inali ciriri. Lidauma ndi khomo lokha.

Pakuti liripo khomo lina la kuseri. Tikanikiza pamodzi mabatani atatu, Ctrl, Alt ndi F3, ndipo paoneka galasi lakuda lopanda zithunzi, lofunsa dzina. Tilemba dzina, kenaka mau acinsinsi. Pano ambiri abwerera ndi mantha, cifukwa polemba mauwo sipaoneka kanthu, ngakhale kadontho. Koma makina alikumva, angobisira woyang'ana kumbali. Tikalowa, tilemba df -h, ndipo ationetsa kudzala kwa disiki. Kawirikawiri mlandu ukhala pomwepo: disiki ikafika pa 100%, makina asowa polemba timakalata tace tating'ono tofunika polowa, monga nkhokwe yodzala yosalandira ngakhale citsononkho cimodzi. Tsono tilemba sudo apt clean kucotsa zotsala zopanda nchito. Cikapanda kukwanira, ticotsako mafilimu, amene ana athu akonda kuunjika mosawerenga. Pomaliza tilemba sudo reboot.

Ikakanabe, tisalole mmisiri kufafaniza msanga. Ayambe wadzutsa makinawo ndi fulashi yokhala ndi Ubuntu, imene itha kuyendetsa kompyuta osaikamo kanthu, nakopere makalata onse pa disiki yina ife tiri pomwepo, tikupenya. Atatero angathe kufafaniza monga afuna.