Morocco inatiliza, ife n'kudzaichemereranso



Pali funso lomwe ife okonda mpira pasukulu pano sitinagwirizanebe yankho lake ngakhale papita zaka: kodi munthu angachemerere timu yomwe inatulutsa dziko lake mu mpikisano? Funsoli limabuka nthawi yopuma pansi pa mtengo wa nimu, limatiperekeza pobwerera kunyumba, ndipo nthawi zina limatitsatira mpaka pamjigo popanga wudhu, kufikira wamkulu wina atatiyang'ana ndi diso lija tonse timalidziwa. Timu yomwe tikunena ndi Morocco. Tikufuna tifotokoze chiyambi cha mkanganowu, chifukwa muli zambiri za chomwe mpira umatikokera, komanso muli pempho lomwe tili nalo kwa inu akuluakulu.

Nkhani inayamba mu Januwale 2022. Flames inali ku Cameroon pa mpikisano wa chikho cha Africa, AFCON, kachitatu kokha m'mbiri yathu pambuyo pa 1984 ndi 2010. Tinagonja 1-0 ndi Guinea, tinagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango, kenako tinafanana mphamvu 0-0 ndi Senegal ya Sadio Mané. M'masewero a Senegal amenewa oyimbira anatipatsa penate, n'kuibwezanso atakaonera pakanema, ndipo mpaka lero alipo pakati pathu amene amati tinaberedwa. Komabe tinadutsa m'magulu koyamba, ndipo pa 25 Januwale tinayenera kukumana ndi Morocco mu mzinda wa Yaoundé.

Dzulo lake, pa 24 Januwale, namondwe Ana anafika. Sitikuuzani zachilendo, munaziona nokha. Shire anasefukira, msewu wopita ku Blantyre unaduka, malo opangira magetsi a Kapichira anaonongeka ndipo dziko linalowa mu mdima. Abale athu akumunsi, m'mbali mwa mtsinje ndi cha ku dambo la Ndindi, anathawira kumtunda ndi zomwe anatha kusenza pamutu. Minda ya chimanga ndi mapira inamira, mbuzi zinapita ndi madzi. Usiku wa masewerowo, 9 koloko, munthu amene anali ndi wailesi ya mabatire anasanduka mfumu. Tinaunjikana pakhonde, ena zovala zikadali zonyowa, wina atanyamula wailesiyo m'mwamba kuti imveke bwino, wina akumasulira agogo mu Chisena zomwe muulutsi amanena.

Patangotha mphindi 7, Mhango anaona goloboyi wa Morocco, Yassine Bounou, atasuntha pagolo, ndipo anaponya mpira kuchokera patali, mamita oposa 30, n'kulowa. Chigolicho sitinachione, tinangomva muulutsi akutha mawu. Anthu amene anagona ndi njala dzulo lake analumpha m'matope. Amayi ena omwe sanafunsepo za mpira chibadwire analuluta. Kenako Youssef En-Nesyri anabweza chigoli ndi mutu chigawo choyamba chili pafupi kutha, ndipo m'chigawo chachiwiri Achraf Hakimi anamenya friikiki yomwe inatitsekera ulendo. Zinatha 2-1. M'mawa mwake madzi anali pompo, njala inali pompo, koma pamzere wodikira thandizo anthu ankakambirana zoti mwana wa ku Malawi waonetsa dziko lonse kamenyedwe ka mpira. Ambiri a ife tinadzachiona chigolicho patapita masiku, pafoni ya munthu wina, ndipo chinali chokongola kuposa momwe tinkachiganizira.

Chaka chomwecho, mu Novembala ndi Disembala, kunali World Cup ku Qatar, ndipo Morocco yomwe ija, ya Bounou, En-Nesyri ndi Hakimi, inayamba kugwetsa zimphona. Inafanana mphamvu ndi Croatia, inagonjetsa Belgium 2-0 ndi Canada 2-1, inatulutsa Spain pamapenate, Hakimi ndiye anamenya yomaliza. Pa 10 Disembala inagonjetsa Portugal 1-0 ndi chigoli cha mutu cha En-Nesyri, n'kukhala timu yoyamba ya mu Africa kufika m'ndime ya matimu anayi. Apa ndi pomwe tinagawanika.

Gulu loyamba linakanitsitsa. Iwo ankati bala la friikiki ya Hakimi silinapole, ndipo munthu sungavinire ng'oma ya amene anakukwapula dzulo. Gulu lachiwiri linkati Africa ndi imodzi: ngati Morocco yagwetsa Belgium, Spain ndi Portugal, ndiye kuti Flames, yomwe inaitsogolera kwa theka la ola ndi kupitirira, si timu yamasewera ayi, kotero kupambana kwa Morocco kukukweza ife tomwe. Gulu lachitatu linkayang'ana zina. Linkaona osewera akugwetsa mphumi pansi kupanga sijida masewero akatha, linkaona Hakimi akuthamangira kwa mayi ake kukawapsompsona pamutu, ndi Sofiane Boufal akuvina ndi mayi ake m'bwalo anthu onse akuona. Iwo ankati awa ndi ana oleredwa ngati ife, oopa Allah ndi olemekeza owabereka, nanga tiwakane bwanji?

Panalinso gulu lachinayi, lomwe mwina ku Lilongwe kapena ku Mzuzu simungalipeze lochuluka chonchi. Kuno kwa Ndamera malire a Marka ali pakhomo, ndipo ambiri tili ndi amalume, azakhali ndi asuweni tsidya la Mozambique. Ena mwa iwo, ndi ena mwa ife, mtima unali ku Portugal. Achinyamata ankatsatira Cristiano Ronaldo, pomwe akuluakulu ankatikumbutsa kuti Eusébio, amene anamwetsa zigoli 9 pa World Cup ya 1966 atavala yunifolomu ya Portugal, anabadwira mu mzinda womwe lero ndi Maputo. Wina akawafunsa kuti mukuchemerera bwanji atsamunda anu, iwo ankayankha kuti nanga inu jezi za Manchester United ndi Arsenal mwavalazo n'za kwa Tengani? Pamenepo tonse tinkaseka, mkangano n'kuyambiranso pena.

Tikaganizira bwino, ichi ndiye chimatikoka kwambiri pa mpira wa mayiko: umatifunsa kuti ndife yani, ndipo umatilola kuyankha mosiyana popanda kudana. Munthu mmodzi yemweyo ndi Mmalawi, ndi Msena kapena Mmang'anja kapena Myao, ndi mwana wa Africa, ndi Msilamu, ndi mdzukulu wa agogo obadwira tsidya lina. Masiku ena onse zinthu zimenezi zimakhala phee mumtima mwake. Matimu awiri akalowa m'bwalo, ayenera kusankha chomwe chitsogole lero. Mu Januwale tinali Amalawi ndipo Morocco inali mdani. Mu Disembala ambiri tinali ana a Africa ndipo Morocco inali yathu. Mu Januwale 2024, Mozambique itafanana mphamvu 2-2 ndi Egypt ku Ivory Coast, anyamata omwe amakonda Mohamed Salah anadandaula kuti penate yake ya m'mphindi zomaliza yalanda abale athu chipambano. Anzathu achikhristu a m'mudzi muno, omwe timasewera nawo pabwalo limodzi, anachemerera Morocco mofuula ngati ife, ndipo Asilamu ena anachemerera France mopanda manyazi pomwe inagonjetsa Morocco 2-0. Palibe amene anasiya kupatsana moni.

China n'choti mpira sufunsa kuti kwanu kuli chiyani. Tonse tinayamba ndi chikulunga, mpira wa mapepala apulasitiki omangidwa ndi zingwe, magolo ake miyala iwiri, mapazi ali pamchenga wotentha wa kuno kuchigwa. Malamulo omwe tinkatsatira pamenepo ndi omwewo a ku Doha. N'chifukwa chake wamng'ono akagwetsa wamkulu timamva ngati zachitikira ife. Makolo athu amakumbukira 11 Januwale 2010 ku Luanda, pomwe Flames ya mphunzitsi Kinnah Phiri inathira Algeria zigoli 3-0, Algeria yomwe inali itapeza kale malo ku World Cup ya chaka chomwecho. Ife timakumbukira Saudi Arabia ikugonjetsa Argentina ya Lionel Messi 2-1 ku Qatar, Argentina yomwe inadzatenga chikhocho. Mwana wa kudera lomwe limangotchulidwa pawailesi kukasefukira madzi amafunika kuona zoterezi nthawi ndi nthawi.

Komanso mikangano imeneyi yatiphunzitsa zinthu. Pofuna kupambana mtsutso, tinakafufuza pamapu kuti Casablanca ili pati, kuti n'chifukwa chiyani 6 koloko ya ku Qatar ndi 5 koloko kuno, ndiponso kuti zigoli zomwetsa ndi zomwetsedwa amaziwerengera bwanji matimu akafanana mapointi. Pa nkhani ya mpira mwana wa Folomu 1 amatha kutsutsa aphunzitsi mwaulemu, bola akhale ndi umboni, ndipo aphunzitsi amavomera. Tinamvanso za Sadio Mané, amene anachokera m'mudzi wa Bambali ku Senegal, ndipo atalemera anakamanga kwawoko sukulu ndi chipatala. Nkhani yake inatipangitsa kufunsana kuti wina wa ife Allah atamudalitsa, angadzamange chiyani kwa Ndamera.

Tikudziwa kuti makolo ndi a komiti muli ndi nkhawa, ndipo nkhawa zanu n'zomveka. Yoyamba ndi swala. Masewero a Morocco ndi Portugal anayamba 5 koloko madzulo, ndipo adhana ya Magharibi inamveka chigawo chachiwiri chikuyamba kumene, Morocco ikutsogola ndi chigoli chimodzi chokha. Ena anadzuka n'kupita kumzikiti, ena anangoyang'ana pansi ngati sanamve. Opita aja atabwerera anapeza zigoli zili chimodzimodzi, ndipo mmodzi wa iwo anati osewera omwe tikuwachemererawo akadakhala pano, akadayamba ndi iwo kudzuka. Mawuwo anakhala m'mitima ya ambiri.

Nkhawa yachiwiri ndi malo oonera. Nyumba zambiri kuno zilibe kanema, choncho mpira timakaonera kumavidiyo shoo, komwe mwana wasukulu amakhala phewa ndi phewa ndi anthu oledzera, n'kumabwerera kunyumba usiku. Kumeneko ndi komwenso kumayambira kubetcha. Masiku ano juga ili m'foni, ndipo imayamba ndi kandalama kochepa komwe munthu amati sikangamupweteke. Taona anyamata ena m'dera lino ndalama ya mayeso itathera momwemo. Qur'an, mu Surat Al-Maida, imaika juga pamodzi ndi zoledzeretsa pa zinthu zomwe tiyenera kuzitalikira, ndipo ife okonda mpira tili ndi chifukwa chinanso choidera. Munthu amene wabetcha saonanso mpira. Iye amangowerenga makona ndi makadi, ndipo angathe kukondwera dziko lake likugonja ngati tikiti yake ikufuna zimenezo. Usiku wa Mhango uja, pakhonde paja panalibe amene anali ndi tikiti, ndipo chisangalalo chake sitinachionenso kwina.

Nkhawa yachitatu sinenedwa kawirikawiri, koma ife tiinena: alongo athu amatsala. Kumavidiyo shoo sangapite, ndipo n'zoona kuti si malo owayenera. Komatu ena mwa iwo amadziwa mpira kuposa anyamata, ndipo dzina la Malawi lomwe likumveka kwambiri kunja masiku ano ndi la atsikana. Scorchers inatenga chikho cha COSAFA mu 2023, Tabitha Chawinga wasewera m'matimu akuluakulu a ku Italy ndi France, ndipo mng'ono wake Temwa ndiye anamwetsa zigoli zambiri mu ligi ya ku America mu 2024. Mtsikana wa pasukulu pano ayenera kukhala ndi malo aulemu pomwe angaonere zimenezi.

Pa 11 Juni 2026 World Cup ina ikuyamba ku United States, Canada ndi Mexico, ndipo kudzakhala matimu 48. Chifukwa cha kusiyana kwa nthawi, masewero ambiri adzafika kuno usiku, ena pakati pa usiku, ena mbandakucha nthawi ya Fajiri ili pafupi. Imeneyinso ndi nyengo yomwe a Folomu 4 amakhala pakalikiliki ndi mayeso a MSCE. Kungoletsa sikudzathandiza, chifukwa mwana woletsedwa amadzatulukira pawindo. Kungolekerera nakonso kudzatigwetsera ena pamayeso.

Pempho lathu ndi ili. Tikupempha komiti ya mzikiti ndi makolo kuti mukhale pansi ndi aphunzitsi, muone ngati n'kotheka kubwereka kanema ndi sola kuti masewero ena osankhidwa tizionera pasukulu pano. Tikulonjeza kusunga malamulo anayi. Adhana ikamveka kanema azizimitsidwa, kaya ndi mapenate. Wopezeka akubetcha asalowenso. Atsikana akhale ndi mbali yawo, pamodzi ndi amayi omwe angafune kubwera. A Folomu 4 aziloledwa Loweruka ndi Lamlungu lokha kufikira atalemba pepala lomaliza. Masewero a pakati pa usiku tizimva zotsatira zake m'mawa, monga tinachitira ndi zinthu zambiri m'moyo uno.

Ndipo a Shehe ndi akuluakulu onse, tikukuitanani kuti mudzakhale nafe, mpando wakutsogolo udzakhala wanu. Tikudziwa kuti ena mwa inu munali otchinga kumbuyo oopsa pa nthawi yanu, ndipo za Bullets ndi Wanderers mumazitsata mwakachetechete. Mwina inu mudzatithetsera mlandu wa Morocco uja. Muchite changu, chifukwa mu 2030, Insha Allah, Morocco idzachititsa nawo World Cup pamodzi ndi Spain ndi Portugal, matimu awiri omwe inawatulutsa ku Qatar, ndipo gulu lachinayi lija layamba kale kukonzekera zonena.